Abalone yotayirira m'nyanja, ya m'mathanki ndi ya m'makheji, ikuposa inzake ndi iti?

Zambia ilibe nyanja yamchere, tonse tikudziwa, ife a ku Mchinji timangodutsa pa Mwami kukafika ku Chipata nkubwerako tsiku lomwelo ndipo mafunde sitinawaonepo kumeneko. Koma m'mabuku a katundu wolowa ku Hong Kong dzina la Zambia lakhala likupezeka pa mayiko otumiza abalone youma, limodzi ndi Zimbabwe yomwenso nyanja ilibe. Anaulula zimenezi ndi a bungwe la TRAFFIC, aja amalondola malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo anawerengera kuti kuyambira 2000 kufika 2016 abalone pafupifupi 96 miliyoni zinabedwa m'nyanja ya South Africa. Katunduyo amabedwa ku Cape, kuumitsidwa mobisa m'nyumba za anthu, kuwoloka boda pa thiraki, kenako nkukwera ndege ngati wochokera dziko lina. Ndayambira dala kwa akuba chifukwa njira zonse zowetera abalone mukaziika pasikelo, nkhani ya akuba ndi yomwe imapendeketsa sikeloyo.

Kwa amene simunaionepo, abalone ndi nkhono ya m'nyanja yamchere. Chigoba chake ndi chimodzi, chophwatalala, chili ndi timabowo tondondozana m'mbali momwe imapumira, mkati mwake mumanyezimira mitundumitundu. Chomwe anthu amadya ndi mnofu womwe imamatira nawo pamwala. Ku South Africa amaitcha perlemoen, mtundu wake ndi Haliotis midae. Ife nkhono sitidya, mwana akangoitola timamukalipira kuti taya, koma ku China ndi ku Hong Kong imeneyi ndi ndiwo ya paukwati, ya pa chaka chatsopano chawo, ya pamene ukufuna alendo adziwe kuti zako zili bwino. Vuto lake imakula mochedwa koopsa, ya m'nyanja yongodzikulira imatha zaka 8 kapena kuposa isanafike sayizi yomwe malamulo a ku South Africa amalola kugwira.

Ndineneretu kuti kuno sizingatheke. Bua, Rusa, damu la kudimba, olo nyanja yathu ya Malawi imene, madzi ake alibe mchere nde abalone singakhalemo. Wina akamakuuzani pa WhatsApp kuti tisonkhe ndalama tiyambe famu ya abalone ku Kapiri kapena ku Santhe, ameneyo mutulutseni m'gulu. Ndikulemba izi chifukwa ana athu ambiri ali ku Cape, ena akugwira ntchito m'mafamu amenewa, ena akumva zoti kuli mtundu wina wa ulimi wongomwaza tiana ta abalone m'nyanja nkumadikira, ndiye amafunsa kuti kodi yolimba ndi iti, yokhalitsa ndi iti.

Yogwira zongodzikulira

Iyi sinditaya nayo nthawi. Kale madayiva amangolowa pansi pa madzi nkukamatula zomwe Mulungu anaika, opanda kudyetsa, opanda kuswetsa. Zinachepa kwambiri. South Africa inaletsa kugwira abalone mongosangalala mu 2003, mu 2008 inatsekanso ya malonda imene, inadzatsegula mu 2010 koma mlingo wololedwa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe akuba amatenga. Ku California ya malonda anatseka mu 1997. Mnofu wake ndi womwe ogula amaulemekeza kuposa wina uliwonse, koma bizinezi yodalira chinthu chomwe chikutha si yoikapo mtima.

Ya m'mathanki pamtunda

Apa ndi pomwe pali ntchito zambiri za abalone ku South Africa, ku Hermanus, ku Gansbaai, cha ku East London ndi kwina. Famu imamangidwa pamtunda m'mbali mwa nyanja, mathanki mizeremizere, mapampu akuluakulu akukoka madzi a m'nyanja usana ndi usiku, madziwo kudutsa m'mathanki nkubwerera. Amaswetsa okha. Mazira akaswa timbewuto timayandama pafupifupi sabata osadya kanthu, kenako timakamatira pa timapuleti ta pulasitiki tomwe anameretsapo ndere, tikakulako amatisamutsira m'mabasiketi nkumatipatsa kelp, zomera zitalizitali za m'nyanja zija, ndi fidi wa kufakitale. Fidi ameneyu muli ufa wa nsomba, mumalowanso soya, nde alimi a soya a kuno musadabwe kuti mbewu ngati yanu ikudyedwa ndi nkhono kkkk. Zaka pafupifupi 4 kuti ifike magalamu 100 kapena cha pamenepo.

Msuweni wanga amagwira pa famu ina ya mtundu umenewu, nde atabwera pa holide anandilongosolera mmene tsiku limayendera. Mmamawa gambutsi kuphazi, madzi ozizira zoti zala zimauma, kutulutsa mabasiketi, kukwecha thanki, kusankha zazikulu pazokha zazing'ono pazokha. Akuti luso lonse lili pomatula. Umalowetsa kachitsulo kapena kapulasitiki kophwatalala pansi pa mnofu mwachangu isanadzidzimuke, chifukwa ikangodzidzimuka imakakamira moti ukakoka mwamphamvu uing'amba, ndipo magazi ake saundana, bala laling'ono lomwe imatha kufa nalo. Munthu watsopano amadziwika ndi kuchuluka kwa zomwe wavulaza. Anabwera ndi chigoba chimodzi, mayi ake amaikamo sopo kubafa, anthu akabwera amachitembenuza kudabwa ndi kuwala kwake.

Ubwino wa mathanki ndi woti chilichonse chili m'manja mwako. Ukudziwa uli ndi zingati, zolemera bwanji, zidzakwana liti. Kasitomala wa ku Hong Kong akaimba kuti ndikufuna makilo akutiakuti a sayizi yakuti Lachinayi, zamoyo, umalongedza m'mabokosi nkukweza ndege, mphepo iombe isaombe. Famu ili mu fensi, pageti pali alonda. A banki atha kubwera kudzawerenga katundu ndi maso awo asanapereke loni.

Koma ndalama zake aise. Magetsi okha ndi mutu waukulu chifukwa pampu ikaima maola angapo mpweya m'madzi umatha, zaka zinayi za thukuta nkupita. Mabulakauti ife timawadziwa, kwa iwo 2023 chinali chaka choipitsitsa pa kuzimazima kwa magetsi, mafamu amapulumukira pa majenereta ndi dizilo. Onjezanipo fidi, malipiro a antchito ambirimbiri, kukonza mapaipi omwe mchere umadya. Ndiye musaganize kuti kukhala pamtunda ndiye kuti wathawa nyanja, madzi ake ndi omwewo. Kumayambiriro kwa 2017 ku Walker Bay, komwe kuli Hermanus, madzi anafiira ndi tizilombo tating'onoting'ono tomwe timachulukana nthawi imodzi, mapampu anatikokera m'mathanki, abalone zinafa zambirimbiri. Zinthu zothithikana pamalo amodzi tsoka likabwera limakokolola zonse.

Ya m'makheji

Amene munaonapo makheji a chambo a Maldeco ku Mangochi mwamva kale. Abalone imaikidwa m'makheji oyandama panyanja, anthu kumapita paboti kukaiponyera chakudya. Korea imachita izi kwambiri ku Wando, China ku Fujian, ndipo China payokha ndi yomwe imakolola gawo lalikulu zedi la abalone yoweta ya dziko lonse lapansi. Sapopa madzi, nyanja imasintha yokha madzi m'khejimo, ndipo kelp amalima okha pazingwe pafupi pomwepo nde chakudya chimatchipa. Pa mtengo wopangira kilo imodzi palibe angalimbane nawo.

Chimene chimawavuta ndi namondwe ndi kutentha. Madzi akatentha kwambiri m'chilimwe chawo abalone zimafa, mpaka anthu a ku China anayamba kuzinyamula pa sitima zapamadzi, chilimwe kupita nazo kumpoto cha ku Shandong kozizira, nyengo yozizira kubwerera nazo kummwera ku Fujian. Tangoganizani kusamutsa ziweto zonse kawiri pachaka. Njira iyi imafuna malo a bata, pomwe nyanja inalowa mkati mwa mtunda. Gombe la South Africa malo otere ndi ochepa, mafunde ake ndi aukali, nde kheji kumeneko siikhalitsa. Nchifukwa chake anathawira pamtunda.

Yotayirira m'nyanja

Tsopano iyi ndi yomwe ndikufuna tikhalepo. Tiana timaswedwa m'mathanki momwe ndafotokozera muja, koma tikafika masentimita angapo madayiva amatitenga nkukatiika pansi panyanja, pamiyala, nkutisiya. Palibe kheji, palibe fensi, palibe kudyetsa. Timadya zomera zomwe mafunde amathothola nkubweretsa. Pakapita zaka madayiva amabwerera kukamatula zomwe zakula.

Ku Japan akhala akuchita izi kwa zaka zambiri kudzera m'makopaletivu a asodzi, omwe gombe lililonse lili ndi eni ake mwalamulo. Chosangalatsa kumeneko nchoti kankhono kokulira m'thanki chigoba chake chimakhala chobiriwira chifukwa cha chakudya, nde olo itakula m'nyanja nsonga ya chigoba imakhalabe yobiriwira, akaigwira amadziwa kuti iyi ndi yomwe tinamwaza ija. Ku South Africa anayamba kuyesa cha ku Port Nolloth m'zaka za m'ma 1990, pano ziliponso cha ku Kleinzee ndi ku Cape Recife pafupi ndi Gqeberha. Ku Australia kampani ya Rare Foods Australia, yomwe poyamba inkatchedwa Ocean Grown Abalone, inachita zina. Ku Flinders Bay pafupi ndi Augusta pansi pake ndi mchenga, nde anaumba mabuloko a simenti masauzande, amawatcha ABITAT, kuwamiza m'mizere nkuikapo tiana ta mtundu wa greenlip ta masentimita pafupifupi 4, kudikira zaka 2 kapena 3.

Kuti mumvetse msanga, ganizani za nkhuku yachikuda ndi bulayila. Bulayila masabata 6 yakwana, ukudziwa zilipo zingati m'khola, koma thumba la fidi likakwera mtengo phindu lonse lapita. Yachikuda imadzifunira yokha kuseri kwa nkhokwe, pa Kamwendo tsiku la msika anthu amailimbirana ndipo amalipira bwino chifukwa cha kukoma, koma imachedwa, kabawi amatengapo zake, chitopa chikabwera ulibe pothawira, ndipo usiku wina umangomva kuti zasowa. Zonsezi zilipo pa abalone yotayirira, kungoti ndalama zake ndi mamiliyoni.

Choyamba chomwe imaposera inzake ya m'thanki ndi choonekeratu, mabilu awiri akuluakulu aja, magetsi a mapampu ndi fidi, amathera pa tsiku lomwaza. Kuyambira pamenepo nyanja ndiyo ikupopa, nyanja ndiyo ikudyetsa. Ndipo izi zimabala ubwino wina womwe ine ndimauona kuti ndi waukulu kuposa kungopulumutsa ndalama. M'thanki mwezi uliwonse womwe nkhono yakhalamo ikukudyera, yatenga malo omwe tiana tatsopano tikanalowa, nde umakakamizika kugulitsa ikadali yapakatikati. M'nyanja kuisiya chaka china sikukulipiritsa fidi. Imakula kufika sayizi zomwe m'thanki zimakhala zodula kufikapo.

Sayizi pa msika umenewu ndi nkhani yaikulu. Ogulitsa abalone youma ku Hong Kong amawerenga kuti zingati zikukwana pa muyezo wawo wa catty, womwe ndi magalamu pafupifupi 600. Zikakwana zochepa ndiye kuti ndi zikuluzikulu, ndipo mtengo wa kilo umakwera, sikuti ukungogulitsa mnofu wambiri ayi, kilo imeneyo payokha ndi yodula kuposa kilo ya ting'onoting'ono. Nde popeza China inadzaza msika ndi zing'onozing'ono zotchipa, mlimi wa dziko lina kulimbana nayo pamenepo nkudzipweteka, bola kuthawira ku zazikulu komwe kuli mpata. Yotayirira imakulowetsa pamenepo. Koma ndisakunamizeni, mpatawo ukuchepa, a China anakwatitsa mitundu iwiri nkupeza abalone yokula msanga, yaikulu, yopirira kutentha, ndipo zaka zaposachedwapa mitengo yakhala ikuvuta kwa alimi a ku South Africa.

China ndi dzina. Ogula a ndalama amafuna ya m'nyanja yeniyeni, amati mnofu wake ndi wolimba, kukoma kwake ndi kwina chifukwa yadya zomera zosiyanasiyana komanso yakula ikulimbana ndi mafunde. Yogwira kutchire ikutha ndipo yambiri ndi yakuba, nde yotayirira ndi yomwe ingaime pamalo pake ili ndi mapepala oyera. Mu 2022 a Marine Stewardship Council, omwe amapereka setifiketi ku usodzi wosawononga, anapereka yawo ku famu ya ku Augusta ija, kuiwerengera mbali ya za m'nyanja osati za m'thanki. Hotela yapamwamba yomwe ikuopa kugula katundu wakuba chizindikiro chimenecho imachilemekeza. Ya m'thanki ili ndi masetifiketi ake ena, koma singanene kuti ndakulira m'nyanja.

Palinso phindu lomwe silimalowa m'thumba la kampani. Abalone zimabereka pothira mazira ndi mbewu m'madzi, nde zimafunika kukhala moyandikana kuti zikumane. Akuba akasesa malo, zotsala apo ndi apo sizithanso kuchulukana. Zomwazidwa zikakula zimayamba kubereka zisanakololedwe, timbewuto mafunde amatimwaza kwina. Boma likamva zimenezi limasangalala, nchifukwa chake m'malo ena ulimi umenewu amauona ngati njira yobwezeretsa zomwe zinatha.

Tsono tibwere ku zowawa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, ndipo abalone yotayirira yonse ili pachala. Tiana tikangoikidwa, okutapasi (nyama za m'nyanja za miyendo 8), nkhanu ndi nsomba zimayamba phwando, masiku oyamba ndi omwe zambiri zimapita. Ukamwaza tating'ono kwambiri tatchipa koma tambiri tidyedwa, ukadikira tikule kaye m'thanki tipulumuka koma walipira magetsi ndi fidi miyezi ina, nde pamenepo mpomwe pali masamu onse. Malonso amasintha. Kum'mawa kwa Cape Hangklip ku South Africa m'zaka za m'ma 1990 kunachuluka nkhanu zikuluzikulu zija amati rock lobster, zinadya ma sea urchin, tizilombo taminga tomwe tiana ta abalone timabisala pansi pake, mapeto ake tianato tinasowa pobisala nkutha. Chimenechi sanachite ndi akuba, ndi chilengedwe chokha. Namondwe wamkulu amatha kukwirira miyala ndi mchenga. Ndipo zonsezi zikuchitika iwe suukuona, umadalira dayiva kuti alowe, awerenge kachigawo, nkuyerekeza zotsalazo. Wa banki ukamuuza kuti chikole changa chili pansi panyanja, pafupifupi chakuti, nkhope yake imasintha.

Kudyetsa kulibe koma ntchito si yaulere. Boti, mafuta, zida zopumira pansi pamadzi, madayiva ophunzira omwe malipiro awo si a munthu wokwecha thanki. Nyanja ikakwiya sabata yonse palibe kulowa, oda ya kasitomala idikire. Apa ya m'thanki imapambana mosavuta.

Za matenda anthu amakonda kunena kuti yotayirira siidwala chifukwa siithithikana. Mbali ina nzoona. Koma matenda akalowa m'nyanja sungatseke geti. Ku Victoria ku Australia vayilasi ina yogwira misempha inaoneka m'mafamu kumapeto kwa 2005, mu 2006 inapezeka mu abalone za m'nyanja nkupha zochuluka m'gombe limenelo. Chichokereni apo maboma amaumira mtima pa aliyense wofuna kutenga chinthu cha m'thanki kukachiika m'nyanja, tiana tiyezedwe kaye, makolo ake akhale ochokera dera lomwelo kuti mtundu usasokonezeke, malo ayezedwe. Layisensi yake siituluka msanga, ndipo ukaipeza uyambe kuwerenga zaka zodikira kukolola koyamba. Munthu wa mpamba wobwereka wa katapira asayerekeze.

Ndiye akuba aja. Ku South Africa awa si anyamata ongofuna ndiwo, ndi magulu okonzeka, maboti othamanga, mfuti, ndipo nkhani yake inalukana ndi ya mankhwala ozunguza bongo monga tik ndi mandrax. Cha ku Gansbaai anthu amasambira usiku kupita ku Dyer Island, malo odziwika ndi shaki, nsomba zikuluzikulu zoopsa, ena anafera komweko, koma anzawo sasiya chifukwa umphawi wa m'midzi ya asodzi ndi weniweni ndipo ambiri amaona kuti anawamana ufulu wa nyanja yomwe makolo awo ankadyamo. Tsopano iwe wamwaza abalone zako pamalo amodzi, zikuluzikulu, zambiri, opanda fensi. Wawasonkhanitsira. Ndalama zomwe unapulumutsa pa magetsi ndi fidi zimatha kuthera kwa alonda a pamtunda ndi pamadzi usana ndi usiku kwa zaka, ndipo usiku umodzi wokha woti alonda agona ndi wokwanira.

Taonani malo omwe njira iyi yagwirako. Kleinzee ndi tawuni yakale ya migodi ya dayamondi, dera lakutali, anthu ochepa, gombe lomwe kwa nthawi yaitali munthu samangolowamo. Komanso chigawo chimenecho chili kumpoto kupitirira malire a komwe perlemoen imapezeka mwachilengedwe, nde iliyonse yopezeka pamenepo palibe mkangano kuti ndi ya ndani. Augusta ndi katawuni kakang'ono m'dziko lomwe malamulo a usodzi amaluma. Ku Japan mudzi wonse ndi mlonda chifukwa phindu ndi la kopaletivu yawo. Ife chitsanzo tili nacho pa chilumba cha Mbenji ku Salima, komwe a mfumu Makanjira ndi anthu awo amatseka usodzi nyengo yadzinja ndipo lamulolo limamveka kuposa la pepala, chifukwa olonda ndi omwewo odzadya. Kampani yobwera ndi layisensi yochokera ku likulu koma anthu a pagombe osaona kanthu, ameneyo akuwetera ena.

Chinanso chomwe otsatsa njirayi sakonda kutchula, yotayirira siyiima payokha. Tiana tonse timachokera m'mathanki. Mwini famu yotayirira ngati alibe poswetsera pake ndiye kuti akugula kwa wa m'thanki, pa mtengo ndi nthawi ya wa m'thankiyo. Nchifukwa chake ku South Africa mumapeza kuti kuseri kwa ntchito yomwaza kuli famu ya pamtunda. Kwa famu yotere kumwaza kumathandizanso kuti tiana totsala tomwe mathanki alibe malo ake tisatayike.

Nde mukandifunsa kuti iti, ine ndimayankha molingana ndi gombe. Pomwe pali bata, kelp wolimidwa ndi msika pakhomo ngati ku Fujian ndi ku Wando, kheji ndiye mfumu, enanu musavutike. Pomwe mafunde ndi aukali, akuba ali paliponse, koma ukufuna katundu wodziwika tsiku ndi kilo, thanki, ulire ndi magetsi koma ugona tulo. Yotayirira ndimaiika pamwamba pa zonse pa mtengo wogulitsira komanso pa kutchipa kokulitsa, koma pokhapokha zitatu izi zilipo pamodzi, malo okhala ndi chakudya ndi pobisala, pepala la boma loti zaka zambiri malowo ndi ako wekha, ndi anthu a pagombe omwe akudya nawo. Chimodzi chikasowa, bola thanki. Ndipo yomwe ndimaiona yanzeru kwambiri ndi yophatikiza, thanki ikubweretsa ndalama ya mwezi ndi mwezi, m'nyanja muli zazikulu zodikira mtengo wabwino.

Kwa achimwene ndi alongo amene muli ku Cape mukufuna ntchito, kusiyana kwake ndi uku. Famu ya m'thanki imalemba anthu ambiri, amuna ndi akazi, kudyetsa, kukwecha, kusankha, kulongedza, kufakitale yoika m'zitini ndi youmitsa, ntchito ya chaka chonse ndipo zambiri umaphunzira uli pomwepo. Yotayirira imalemba ochepa, ofunika kwambiri ndi madayiva okhala ndi setifiketi yovomerezeka ndi boma, oyendetsa boti ndi alonda. Wina akakuuzani kuti kuli ganyu yolowa m'madzi usiku, kapena yongonyamula zikwama kuchoka kugombe, kapena yosunga katundu wonunkha m'chipinda chanu kuti aume, malipiro pompopompo, imeneyo si famu yotayirira. Famu yeniyeni imakolola masana, boti lake lili ndi nambala, ndipo pepala la chilolezo limayenda limodzi ndi katundu mpaka kufakitale. Mukagwidwa ndi abalone yopanda pepala ku South Africa ndi mlandu wa kundende, ndipo kwa mlendo ukatuluka amakukweza basi yobwerera kumudzi.